Amuna Anga ndi Mayi wa Mita

Mlongo wanga atangogula kamera, banja lonse linasanduka akatswiri a zisudzo. Amalume anakhala wapolisi, telala wa pakona anakhala dokotala, ndipo mbali yaikulu inagwera amuna anga, munthu wokonza mafiriji amene mawu ake a tsiku lonse sangadzaze supuni. Nditamva ndinaseka mpaka nthiti kuwawa. Ndinawasitira ndekha shati yokajambulitsa, n'kuwauza kuti akatchuka asadzatiiwale ife osauka.

Filimuyo inali yoseketsa, malinga ndi kunena kwa mwini wake. Bambo wina wosakwatira wakonda mayi wowerenga mita ya magetsi, ndiye amasiya mababu onse akuyaka, ayironi ili chiyakire, firiji ili yasa, kuti mita izithamanga ndipo mayiyo azibwera pafupipafupi kudzaona chimene chavuta. Mbali ya mayi wa mita anaipereka kwa mayi wa ku famase, uja amaseka ataphimba pakamwa.

Filimuyo anaionetsa Loweruka masana m'chipinda cha pamwamba pa sitolo ya penti, mawindo atatsekedwa ndi makatoni. Zithunzi zinkagwera pa nsalu yanga ya pabedi, moti pamene ndinasoka pong'ambika pankadutsa pamphuno pa aliyense.

Luso linalipo, tisanamizane. Amalume ankati akanena mawu awo, n'kuyang'ana kamera, kudikira kuti wina awayamikire. Dokotala anayeza wodwala tepi yoyezera nsalu ili m'khosi. Pa maliro, womwalirayo anayetsemula, ndipo mlongo wanga sanadulepo, ati ndi mmene akupangira anzathu masiku ano. Anthu ankaseka ndithu, kungoti ankaseka pamene iye sanakonze kuti aseke, ndipo pamene anakonza ankayang'ana mafoni.

Kenaka kunabwera gawo lomaliza. Magetsi a bambo uja adulidwa, ndipo mayi wa mita wabwera kudzatsanzika chifukwa amusamutsira kwina. Amuna anga aima pakhomo, babu lakupsa lili m'manja, akulitembenuzatembenuza. Anamuyang'ana mayiyo nthawi yaitali, n'kunena motsitsa mawu: "Mukapita, ndiziyatsira ndani?"

Ine nkhope imeneyo ndinkaidziwa. Ndinaiona komaliza tisanakwatirane, ataima pa geti ya makolo anga, ndipo ndinkayesa kuti inatha ndi ukalamba ngati tsitsi lawo. Mtima unandiwawa, ndipo ndinachita mantha.

Makatoni atachotsedwa, aliyense anali katswiri. Aphunzitsi opuma, omwe anagona theka la filimu, analengeza kuti onse aja anali matabwa kupatula wa mafiriji, amene ali ndi mphatso yobadwa nayo. Amalume anakhumudwa, nanena kuti gawo lawo labwino linadulidwa chifukwa cha nsanje. Mlamu wanga, mchemwali wa amuna angawo, ankapukuta misozi n'kumauza aliyense kuti zimenezi n'zakumtundu kwawo. Mayi wa nyumba yoyandikana nafe anandifinya dzanja, ati ndine wodala, ngati pagulu amalankhula chonchi ndiye kunyumba kumakoma bwanji. Ndinamuthokoza. Nanga ndikanati chiyani?

Mayi wa ku famase anandipatsa moni ndi manja awiri, mawondo atapinda, n'kufunsa za ana anga mmodzimmodzi, mayina ndi makalasi omwe. Ulemu wake unali wochuluka kuposa umene munthu amapereka kwa kasitomala wogula mankhwala a mutu.

Womaliza anali mlongo wanga, akuwala ngati wapambana mpikisano. "Achemwali, mwawaona alamu? Paja tinajambula kamodzi kokha. Mawu ajanso sindinalembe ine, anangotuluka okha."

Ndinamuuza kuti wagwira ntchito yotamandika, ndipo abweze nsalu yanga atachapa.

Titafika kunyumba, katswiri wathu anavula shati ija, n'kukagwada pakhonde kuseri kwa firiji ya kasitomala, monga mwa masiku onse. Ndinaima pakhomo n'kumawayang'ana akumasula masikuluwu n'kumawaika m'chivindikiro cha botolo. Sindinkafuna ndewu. Ndinkafuna kuti aphunzitsi aja akhale kuti ananena zoona, kuti ndinakwatiwa ndi munthu wa mphatso amene anangoibisa zaka zonsezi.

"Bambo, tanenani mawu aja. Mundiuze ineyo."

Anaseka pang'ono, koma ataona kuti sindikuseka anadzuka, n'kupukuta manja pa thalauza. Anakonza kukhosi, nandiyang'ana, n'kunena mawu onse bwinobwino, osaphonya ngakhale limodzi, ngati akuwerengera kasitomala nambala ya kuseri kwa firiji. Iwonso anamva mmene zatulukira. Anayesa kachiwiri, ulendo uno dzanja lili pachifuwa, ndipo zinaipa kuposa poyamba. Atatsegula pakamwa kachitatu ndinawaletsa.

Anayang'ana pansi, sikuludiraiva ikulendewera m'manja. "Mundikhululukire, mayi. Ine zisudzo sindizitha."

Ndinawauza kuti ndikudziwa.