Sipanala Ikalira, Lekani

Pa kampani yonse, maselo a injiniya mmodzi yekha ndi amene ankafa. A anzake ankapereka magetsi tsiku lathunthu, koma ake ankayamba ndi mphamvu, likangotha ola limodzi muvi wa mita n'kuyamba kuwodzera. Lachitatu m'mawa abwana ananena mosapsatira kuti akafanso Lachisanu, ntchitoyo aipereka kwa wina. Zaka ziwiri akuswa mutu, basi zipite choncho!

Maselo ake sanali a mu tochi ayi. Ndi zitsulo ziwiri za mizere zomangidwa ndi mabawuti, pakati pali kachikopa kopyapyala, uku ndi uku kapepala kakuda ka kaboni. Mpweya wa haidrojeni umalowa mbali iyi, mpweya wamba mbali inayo, n'kutuluka magetsi ndi madzi. Kovuta ndi kapepalako. Kali ndi timabowo tosaoneka ndi maso, modutsa mpweya ndi motulukira madzi. Ukamanga molekerera, magetsi sayenda bwino. Ukamangitsa, timabowoto timaphwanyika, madzi amadzaza, selo imabanika.

Injiniyayo anamasula selo imodzi n'kuika kapepalako pa maikulosikopu. Ulusi wake unali wothyokathyoka, mizere ya chitsulo itadindika mbee. Anabwereza masamu ake katatu, osapeza cholakwika. Apa anadzidzimuka, chifukwa womanga mabawuti pamalopo anali mmodzi yekha: bambo ake omubereka, amene aliyense ankawatcha a Bawuti. Mkuluyo anakonza mabasi zaka makumi atatu, ndipo ntchitoyi anawapezera ndi mwana wawoyo.

Atabwerako kokadya, injiniyayo anaima kuseri kwa shelefu. A Bawuti anatenga selo ya injiniya wina, n'kumanga ndi sipanala yoyezera, ija imalira ikafika pamlingo. Italira kuti kwa! analeka. Kenako anatenga ya tepi yabuluu, ya mwana wawo. Kwa! Anasuzumira kukhomo, n'kusolola sipanala yakale m'thumba la ovololo, n'kuwonjezera pang'ono pa bawuti iliyonse, onse asanu ndi atatu, mwachifatse ngati akufunditsa khanda.

"Ababa!"

Sipanala inagwa pansi.

"Aa, a Injiniya, mwadya kale?"

"Musandizembe. Mukuchita chiyani? Ndinu amene mukundiphera maselo! Mukudziwa kuti Lachisanu andilanda ntchitoyi?"

Mkuluyo anapukuta manja oyera kale pa ovololo.

"Kasipanala kanuka kamalira msanga. Ine bawuti ndimaimva m'dzanja."

"Nanga bwanji a anzanga simuwonjezera?"

Mkuluyo anatola sipanala ija pansi.

"Anzako poyesa amakhala kuseri kwa galasi. Iwe umaima pompo, mphuno pa paipi. Mpweya wa haidrojeniwu sununkha, ukayaka moto wake suoneka. Unandiuza wekha tsiku loyamba. Chiyambire tsiku limenelo, ukamayatsa ine ndimatuluka thukuta. Ndinkati bola usadonthe."

Mkwiyo unalipo ndithu, koma unasowa pogwira. Injiniyayo anakumbukira zivindikiro za mabotolo kunyumba, zimene mayi ake ankalephera kutsegula, ndi mabuleki a njinga yake ya kusukulu olimba ngati mwala. Anamva chisoni, ndiponso manyazi, poti zoima pafupizo zinali zoona.

Anawakokera ku maikulosikopu. A Bawuti anavula magalasi, n'kuika diso, n'kuvalanso magalasi.

"Ndathyola ndine zimenezi?"

"Ndinu. Mpweya umatsekedwa ndi labala wa m'mbaliyu, osati mphamvu zanu. Kapepalaka kamafuna kupuma."

Lachisanu injiniyayo anaika kapepala katsopano, abwana ali pakhomo ndi wotchi. Bawuti yoyamba, kwa! Dzanja la mkuluyo linakakamira pa chogwirira, likufuna kupitiriza. Analeka. Atamaliza yomaliza, anatulutsa sipanala yakale ija n'kupatsa mwana wawo.

"Sunga. Ndiye ine ndachita zako, iwenso uchite zanga."

Injiniyayo anapita kuseri kwa galasi n'kutsegula mpweya. Ola linatha, lachiwiri linatha, muvi uli njo pamalo ake. Anatembenuka kuti awaonetse, koma a Bawuti sankayang'ana mita. Ankayang'ana pamene iye waima.