Mano a Buleki

"Onani, Amayi! Onani nokha!"

Wachisamba anakweza nsapato yake m'mwamba ngati akupereka umboni kukhoti. Chidendene chinali chitapita, kutsogolo kuli yasa, zingwe zitasanduka ulusi. Pansi pa tebulo, mwini ntchitoyo anangokhala phee, kachikopa kakuda kali kukamwa, mchira ukumenya pansi, wopanda ngakhale kamanyazi.

Panali patatha masiku asanu chiwaikireni m'manda bambo a nyumbayo, okonza njinga aja a pakona. Olira anali atabalalika, mipando yobwereka itabwezedwa. M'nyumba munatsala Amayi, mwana wawo wachisamba, mkazi wake, ndi kagalu ka miyezi isanu komwe malemu anakatola m'katoni kuseri kwa shopu. Anakatcha Buleki, ati chifukwa ndicho chinthu chokha chimene kanalibe.

Pa masiku asanuwo Buleki anali atakukuta mwendo wa sofa, chingwe chotchajira foni, ngodya ya buku la nyimbo ndi lamba wa chikwama cha mpongozi. Anthu akulira pabalaza, iye anali pantchito kuchipinda.

"Loweruka tikunyamuka, ndipo mukupita nafe," anatero Wachisamba. "Chipinda takukonzerani kale. Nyumba ino titseke. Galuyu ndalankhula ndi kampani ya alonda, adzamutenga."

"Akamumange unyolo pageti ya eni?"

"Kwathu n'kunyumba yosanja, Amayi, agalu saloledwa. Ndipo inu mutsale nokha muno, ndi mawondo amenewo? Kagalu kokha kakukukanikani, nanga nyumba yonse?"

Mawuwo anawapweteka Amayi, anawapweteka zedi. Galuyo sankamukonda ayi. Anali atakangana ndi amuna awo kangapo chifukwa cha iye. Koma m'nyumba imeneyi anakhalamo zaka makumi anayi, ndipo sanafune kukathera pawindo la nyumba yosanja akuwerenga magalimoto a eni.

"Undipatse mpaka Loweruka," anatero. "Tsikulo udzavule nsapato, udzaziike pakati pa balaza. Akaboola ngakhale kabowo kamodzi, ndikwera galimoto yako osanena kanthu. Akazisiya, ine ndi iye tikutsala."

Wachisamba anaseka. "Amayi, nsapato zanga zatsala zimodzi zokha."

"Ndiye uzipempherere."

Kunena n'kosavuta. Lolemba, ana atapita kumaofesi kukathamangira mapepala a malemu, Amayi anayamba nkhondo. Anavula silipasi kuti amukwapule. Buleki anaona ngati masewera, anailanda n'kuthawa nayo kuzungulira nyumba katatu. Anapaka tsabola kumiyendo ya sofa. Buleki anayetsemula kawiri, n'kusamukira kumwendo wa tebulo. Anamutsekera m'bafa, pofika masana chitseko chinali ndi windo latsopano pansi, kamphuno konyowa kakusuzumira.

"Iwe galu iwe, unatumidwa ndi ndani?" Amayi anakhala pansi pakhonde la bafa, misozi ili chuchuchu. Analirira chitseko, analirira nyumba, analirira mwamuna amene anawasiyira katundu wa mano.

Akusesa zipalapala za chitsekocho, anaona kanthu koyera. Anakatola. Kanali kadzino, kakang'ono ngati njere ya mpunga, kali ndi kamagazi kumizu. Anamugwira Buleki pakhosi n'kumutsegula kukamwa: usinini uli psuu, wotupa, mano atsopano akutumphuka.

"Ohoo," anatero Amayi pang'onopang'ono. "Kani zikukuyabwa."

Anabereka ana anayi, izi ankazidziwa. Wachisamba yemweyo, wovala tayi lero, akumera mano anatafuna paipi ya pampu ya bambo ake mpaka kuiboola. Palibe anamumenya. Anangomupatsa china choti alume.

Anatenga kiyi pamsomali, n'kupita kushopu, yomwe inali yotseka chichitikireni maliro. Loko atangoti kwatu, Buleki anadutsa pakati pa miyendo yawo ngati mphepo. Fungo la girisi ndi labala linawalandira Amayi pakhomo. Masipanala anali m'malo mwake, kuyambira yaing'ono mpaka yaikulu. Pakati pa shopu panalendewera tayala lakale lomangidwa ndi chingwe kudenga, lodzaza mabala a mano. Buleki analilumphira, n'kulendewera nalo, akulira ndi chimwemwe. Pakona panali ndowa ya madzi, m'katimo zidutswa za tayala zodulidwa bwino, zonyikidwa kuti zizizizira kukamwa.

Apo m'pamene Amayi anamvetsa. Mawu aja ankawamva kudzera pakhoma tsiku lonse, "Siya. Tenga ichi. Eyaa, mwana wabwino!" iwo n'kumati bambo ayamba kupenga, sanali misala, inali sukulu. Ndipo m'mawa uliwonse bambowo ankati akukayesa njinga za makasitomala, galu akuthamanga pambali, n'kubwera naye lilime lili panja. Banja lonse, pofuna kuti asasokoneze olira, linatsekera m'nyumba galu wozolowera kuthamanga, n'kumutsekeranso kunja kwa zotafuna zake. Ndiye atani mwana wa eni?

Pakhoma panakolekedwa njinga ya Amayi yobiriwira, imene anasiya kukwera zaka makumi awiri zapitazo. Anayembekeza dzimbiri. Atapukusa chopalasira, tcheni chinayenda mwakachetechete, chonyowa ndi mafuta atsopano.

"Bambo inu," anatero Amayi, n'kupukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja.

Lachiwiri m'mamawa anthu a mumsewuwo anaona zachilendo: mayi wamasiye, mpango wakuda kumutu, akupalasa njinga mokhotakhota, galu akukoka chingwe kutsogolo ngati walembedwa ganyu. Pakona yachiwiri Buleki anaona mphaka. Zotsatira zake, Amayi anapezeka ali mumpanda wa maluwa wa eni, miyendo m'mwamba, galu akuwanyambita kumaso.

"Mayi, mwapweteka?" anafuula mzimayi wogulitsa zipatso, akubisa chiseko m'dzanja.

"Sekani, sekani, musadzipanikize! Mawa mundionanso."

Anawaonadi. Lachitatu anafika mpaka kumlatho osagwa. Lachinayi anapita kawiri, mawondo akulira koma akuyenda. Pobwera, Buleki ankamwa madzi theka la mbale n'kugona ngati wafa. Akadzuka, sukulu inkayamba. Amayi anakweza chilichonse cha pansi n'kuchiika pamashelefu, kupatula nsapato yowonongeka ija. Buleki akaitola, iwo ankati, "Siya," osakuwa, osamuthamangitsa, kachidutswa ka tayala kozizira kali m'dzanja. Ulendo woyamba anawayang'ana ngati akumunena wina. Ulendo wachikhumi anaima n'kuganiza. Galuyo anali ndi mutu wouma, koma anali asanakumane ndi mutu wa Amayi.

Mpongozi, yemwe chikwama chake chinaphedwa, ndiye anayamba kusintha. Lachisanu Amayi anamupeza atagwada kukhitchini, akunong'ona, "Siya, Buleki, siya," atanyamula tayala.

"Kodi iwe uli mbali iti?"

"Ine ndilibe mbali, Amayi," anayankha akuseka. "Koma musawauze amuna anga."

Loweruka linafika. Zikwama zinali pakhomo, zitatu, chifukwa Wachisamba anali atalongedzeratu ndi cha mayi ake. Anavula nsapato zake zonyezimira, anaziika pakati pa balaza, n'kukhala pasofa ndi masokosi okha, manja atapinda.

Amayi anatsegula chitseko. Mantha anali nawo, asaname.

Buleki analowa, ananunkhiza mwendo wa tebulo, ananunkhiza zikwama. Kenaka anaziona. Makutu anaima. Anayenda molunjika, n'kunyamula ya kumanja, yonse, kukamwa.

"Basi!" Wachisamba anadzuka. "Mwaona? Zatha!"

"Khala pansi," anatero Amayi, osamuyang'ana. Anagwada pang'onopang'ono, bondo limodzi, kenaka linalo, n'kutambasula dzanja. "Buleki. Siya."

Galu anawayang'ana. Anayang'ana chitseko chotsegula, kumene kunali bwalo lonse loti athawire. Mchira unagwedezeka kamodzi. Mpongozi anagwira pakamwa ndi manja onse awiri.

"Siya, mwana wanga. Tenga ichi."

Nsapato inagwa pansi, phi! Buleki anatenga tayala lake, anapita pansi pa tebulo, n'kuyamba kukukuta ngati palibe chimene chachitika.

"Eyaa!" Amayi anafuula mpaka mawu anasweka. "Mwana wabwino! Eyaa!" Mpongozi analumpha akuwomba m'manja, waiwala kuti alibe mbali.

Wachisamba anatola nsapato ija n'kupita nayo pawindo. Anaitembenuza uku ndi uku, anapisamo dzanja, anayang'ana chidendene ngati dokotala.

"Yanyowa," anatero.

"Ndinati bowo. Malovu sitinapangane. Ndipo iweyo usalankhule zambiri, unatafuna paipi ya pampu ya bambo ako, sitinakupereke kwa alonda."

Mpongozi anaseka mpaka kukhala pansi. Wachisamba anayesa kulimbitsa nkhope, koma inamukanika. Anavala nsapato yonyowayo osadandaula, anatenga chikwama cha mayi ake, n'kukachibwezera yekha kuchipinda. Anakhalitsako pang'ono. Potuluka maso anali ofiira.

"Ndimangoopa, Amayi. Ndikachoka, mutsala nokha."

"Ndikudziwa. Nanenso ndimaopa. Koma ukuona ngati ameneyu angandipatse mpata wokhala ndekha?"

Galimoto italira, Amayi anatulutsa njinga kuti awaperekeze mpaka kumlatho, Buleki akuvina pachingwe. Anali atangoponda chopalasira pamene chitseko cha galimoto chinatseguka.

"Dikirani kaye."

Wachisamba anatsika, anagwada pafumbi ndi thalauza lake lositidwa, n'kudina tayala la kutsogolo ndi chala chachikulu. Anasuntha n'kudina la kumbuyo, mutu atapendeka, ngati akumvetsera. Kwa zaka makumi anayi, palibe munthu anachoka pageti imeneyo ndi njinga, kaya kasitomala, kaya wongodutsa wofunsa njira, bambo aja asanagwade chomwecho. Mwanayo sanaphunzirepo ntchito ya bambo ake, koma chala chinkadziwa.

"Lakumbuyoli lachepa mpweya," anatero, n'kulowa m'shopu kukatenga pampu.

Amayi anatsika, anagwira mahandulo kuti njinga isagwe, ndipo mwana wawo anayamba kupopa.