Ulendo wa Mapazi Mazana Awiri

"Usacheuke, Kanchi! Ndati usacheuke, ngakhale nyumba igwe."

Amayi Kausila ananena mawuwa akukankha mwana wawo Prerana pamsana, maso ali pa wotchi ya pafoni. Kanchi ndilo dzina limene ankamuitanira pakhomopo, poti anali chitsirizira. Linali Lachinayi, mphindi khumi zitadutsa seveni koloko m'mawa, nthawi imene wansembe anaipeza m'buku lake la nyenyezi kuti ndiyo saiti yake, nthawi yamwayi yonyamukira ulendo. Pachipumi pa Prerana panali mpunga wofiira umene bambo ake, a Tekraj, anam'paka ataimirira movutikira, akupumira m'mwamba. Anadutsa pakati pa mitsuko iwiri yamkuwa yodzaza madzi, chikwama chachikulu chili kumsana, natuluka pachipata osacheuka.

Ndege yake ya ku Portugal inali ya Lachiwiri la sabata yotsatira, koma nyenyezi sizifunsa za matikiti. Saiti ikagwa tsiku lina, ndege tsiku lina, munthu amatuluka m'nyumba pa saitipo n'kukadikira kwa achibale, ndipo phazi lake silipondanso pakhomo mpaka atabwerako ku ulendowo. Motero ulendo wa Prerana wa ku Ulaya unayamba ndi mapazi mazana awiri, kutsetsereka mpaka kunyumba yogona alendo ya azakhali ake a Dilmaya, m'mbali mwa msewu wopita ku Besisahar.

"Takulandirani a ku Ulaya!" anakuwa a Dilmaya ali pakhonde, chipande chili m'manja. "Mwayenda bwanji? Kuzizira kumeneko? Tiyi wathu wa kumudzi mukadamwabe, kapena mwamuiwala kale?"

"Azakhali inunso! Mtima wanga uli m'mwamba, inu mukuseka."

"Ndilire chifukwa chiyani? Zaka zinayi ku yunivesite ya ku Pokhara ukuphunzira za zomera, lero ukukathyola zipatso m'munda mwa mzungu. Sukulu sinapite pachabe, mwana wa achimwene. Uzikazitchula maina zipatsozo usanaziponye m'dengu."

Prerana anaseka, koma kusekako kunali kwa pamano pokha. Zaka ziwiri anayenda ndi digiri yake m'maofesi mpaka pepalalo linafwifwa m'mbali. Anzake a m'kalasi anali atamwazikana kale, wina ku Japan, wina ku Dubai, ena ku Korea. M'mudzimo munatsala okalamba, ana ndi njati za mkaka.

Kwa a Dilmaya kunali mtsikana wina wa ku Holland, dzina lake Femke, wa msinkhu wa Prerana yemwe. Nayenso anali atangomaliza yunivesite, nabereka chikwama kuyamba kuzungulira dziko. Ankatsuka mbale ndi kuyanika nsalu za pabedi, malipiro ake malo ogona ndi mpunga wa mphodza kawiri patsiku. Awiriwa ankacheza m'Chingerezi uku akusenda mbatata.

"Ndiye kuti tonse ndife amodzi," anatero Femke mosangalala. "Iwe ukupita kwathu, ine ndabwera kwanu. Kuyenda kumatsegula maso, mnzanga. Ukatopa umangobwerera kunyumba."

"Iweyo ukabwerera liti?"

"Kaya! Tsiku limene ndidzasowe amayi anga."

Prerana anayang'ana kumtunda, kumene denga la malata la kwawo linkaoneka bwinobwino pakati pa mitengo ya malalanje, utsi ukutuluka kukhitchini.

Lolemba foni inalira. Anali munthu wa ku ofesi yotumiza anthu kunja, kunena kuti mapepala a gulu lonse achedwa, ndege yasunthidwa ndi masabata awiri. Prerana anaimbira amayi ake nthawi yomweyo.

"Ama, masabata awiri onsewa ndikhala kuno? Ndibwere, wansembe adzatipezera saiti ina."

"Ndafunsa kale. Ati nyenyezi zako zatseka mpaka miyezi itatu. Ndege ikudikira miyezi itatu? Khala komweko. Iwe unanyamuka kale."

Ndiye anakhala, munthu wapaulendo amene sanapite kulikonse. Anthu a m'mudzi akakumana naye pamsewu ankam'patsa moni wamanyazi, ngati aona munthu amene anam'tsanzika kale pamaliro. M'mawa uliwonse ankayang'ana utsi wa kwawo, n'kudziwa kuti amayi ake ateleka tiyi.

A Tekraj anali atadwala chifuwa kwa zaka zambiri, chimene anachitenga m'fumbi la ng'anjo za njerwa ku India ali mnyamata. Achipatala anali atawabweza kale kunyumba miyezi yapitayo, kunena kuti mapapo atha. Komabe ankadzilimbitsa, ndipo tsiku la saiti lija anaimirira okha popanda wowagwira. Zikuoneka kuti mphamvu zawo zonse anazisungira m'mawa umenewo. Pa tsiku la khumi ndi chimodzi chitulukire Prerana pakhomopo, analephera kudzuka pamphasa.

A Dilmaya anapita kukawaona, nabwerako nthabwala zonse zitauma pakamwa. Madzulo ake, dzuwa likadalipo, anakweranso kumtunda ndi foni yawo, namuimbira Prerana pa kanema kuti aone bambo ake. Prerana anakhala pa sitepe ya khonde, akuyang'ana nkhope yowonda pakagalasi kakang'ono. A Tekraj anayesa kuyankhula, koma mawu sanatuluke, kunangomveka mpweya wolira ngati mluzu. Milomo yawo inali youma gwa, yosweka. Anakweza dzanja pang'ono, kenako linagwa.

Umu ndi mmene ana a ku Dubai ndi ku Korea ankaonera makolo awo. Koma iwowo anali kutsidya kwa nyanja. Iye anali pa mapazi mazana awiri.

Anataya foniyo pa sitepe nathamanga chokwera, opanda nsapato. Atafika pachipata anapeza amayi ake ataima kale pamenepo, manja onse agwira mitengo ya chipatacho. A Dilmaya, ataona pakanema paja kuti mwana wathamanga, anali atawachenjeza.

"Ama, ndipatseni njira."

"Bwerera."

"Milomo yawo yauma! Ndingowadonthezera madzi, supuni imodzi yokha, kenako ndituluke. Mwana ndi ine ndekha, Ama. Akawamwetsa madzi otsiriza ndani?"

"Ndiwamwetsa ine. Ndawamwetsa zaka makumi atatu."

"Mukukhulupirira buku la wansembe kuposa mwana wanu? Ine ndapita kusukulu, Ama. Nyenyezi ndi moto chabe, sizindidziwa dzina."

"Sudip naye anapita kusukulu."

Dzinali linagwa pakati pawo ngati mwala. Sudip anali mchimwene wake wa Prerana. Zaka zisanu zapitazo, pa tsiku la saiti yake, atafika kale pamsewu, anakumbukira kuti waiwala chingwe chotchajira foni. Anabwerera akuseka, nadumpha mitsuko ya madzi ija, nakachitenga pawindo. Patapita miyezi isanu ndi iwiri anabwera kuchokera ku Qatar ali m'bokosi, pepala likuti mtima unangoima ali m'tulo. Anali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi.

"Ndinamuona akulowa," anatero a Kausila. "Ndinali nditaima pompano. Ndinaseka naye, ine chitsiru, n'kumuuza kuti mutu wake udzaiwala ndi miyendo yomwe. Mphechepeche mwa njovu sapitamo kawiri, Kanchi. Ukafuna kulowa, uyambe wandiponda ine."

"Sudip anafa ndi dzuwa la ku Qatar, osati ndi chingwe cha foni!"

"Mwina. Iwe ndi wa digiri, ukudziwa. Ine sindidziwa kanthu. Ndikudziwa kuti ndinabala awiri, watsala mmodzi. Ukalowa, ukapita, ndiye foni ikalira m'mawa wina, ine ndidzakhala bwanji? Tandiuza, ndidzakhala bwanji?"

"Ndiye sindipita. Ulaya akhale."

"Usapite? Ukhale pano uzidya chiyani, malalanje? Bambo ako anandilumbiritsa dzana, mawu asanatseke. Anati, mwanayo ndam'paka mpunga ndi dzanja langa, asaufufute ndi phazi lake. Ukufuna afe akudziwa kuti chifuwa chawo chadya ndi tsogolo lako lomwe?"

Prerana anali wamphamvu kuposa amayi ake. Akanangowasuntha pang'ono, chipata chikanatseguka. Anagwira dzanja lawo, namva mafupa okhaokha m'kati mwa zibangili zofiira. Sanaope nyenyezi. Anaopa nkhope ya mayiyo, amene akanakhala yekha m'nyumba imeneyo akuwerenga masiku, kudikira bokosi lachiwiri. Anasiya dzanjalo.

"Baba!" anakuwa, akuyang'ana windo la m'chipinda cham'mwamba. "Baba, ndine Kanchi! Ndili pano!"

Pawindopo sipanaoneke munthu. Anatsika phirilo akulira poyera ngati kamwana, anthu akum'patukira.

Masiku otsalawo anali owawa kuposa onse amene anawaona chibadwire. Ankasenda mbatata, ankayala mabedi a alendo, ankayang'ana utsi. Femke anamufunsa kamodzi chimene chavuta, ndipo Prerana anangoti bambo ake sakupeza bwino. Zinazo akanazifotokoza bwanji kwa munthu amene amabwerera kwawo tsiku lililonse limene wasowa amayi ake? A Dilmaya ankakwera ndi kutsika, uthenga wawo umodzimodzi: "Akupuma."

Ofesi ija sinasinthenso tsiku. Basi ya ku Kathmandu, kumene kunali bwalo la ndege, inkanyamuka pakhomo pa a Dilmaya nthawi ya eyiti koloko, ndipo Femke anati akwera yomweyo, akufuna kukaona dziko lina. M'mawa umenewo Prerana anatuluka pakhonde nayang'ana kumtunda monga mwa masiku onse. Denga linalipo, malalanje analipo. Utsi kunalibe.

"Azakhali, kwathu sanakoleze moto."

A Dilmaya anali akumanga zingwe za chikwama chake, ndipo sanadzutse mutu. "Nkhuni zanyowa mwina. Tenga mkate uwu, ukadye m'njira."

Prerana anakwera phirilo pang'onopang'ono. Njati yawo inkalira m'khola, kulira kwa nyama yosakamidwa. Pabwalo, pafupi ndi kaguwa ka mtengo wopatulika wa tulasi, pamene amagoneka munthu mzimu ukamachoka, panaima azibambo anayi a m'mudzi, mapewa atagundana, misana atalozetsa kuchipata. Palibe amene anatembenuka.

A Kausila anali pachipata. Tsitsi anali atapesa, utoto wofiira wa akazi apabanja uli pamphumi, zibangili zili m'manja. Maso okha ndiwo anali otupa.

"Wabwera kudzatsanzika? Wachita bwino. Bambo ako ali m'tulo."

Prerana anawerama kuti akhudze mapazi a amayi ake, monga mwa mwambo wotsanzika makolo. Iwo anabwerera m'mbuyo msangamsanga.

"Usandikhudze. Manja anga ndi akuda, ndimagwira ntchito."

Pamenepo anadziwa zonse. Wokhudza mtembo sakhudza wapaulendo. Anadziwanso chifukwa chimene nyumba yonse inali chete. Mwana akangouzidwa kuti bambo ake amwalira, ndiye kuti maliro am'gwira: masiku khumi ndi atatu osatuluka, osadya mchere, ndege ikupita. Koma amene sanauzidwe ali paulendo basi. Mayi wake anali atameza kulira kwake konse, atakhazika chete mudzi wathunthu, kuti mawu amenewo asamveke basi isananyamuke. Likanatuluka funso limodzi lokha pakamwa pa Prerana, mayiyo sakanatha kunamanso.

Kumunsi basi inaliza hutala.

"Akadzuka," anatero Prerana, "muwauze kuti sindinalowe."

"Ndiwauza, mwana wanga. Pita. Usacheuke."

M'basimo anakhala pawindo, chikwama chili pamiyendo, Femke pambali pake. A Dilmaya anam'patsira mkate uja pawindo, koma nthabwala sinabwere. Basi inanyamuka, inadutsa pamjigo, inadutsa pasukulu, inayamba kukhota pa ngodya yoyamba.

Ndipo kumtunda kunalira lipenga la chigoba cha nkhono, liwu limodzi lalitali losadukiza, limene amaliomba potulutsa maliro. Pambuyo pake panamveka mfuu ya mayi, yokuwa mpaka kutsidya kwa chigwa. M'basi monse munangoti zii. Gogo wina anagwira pachipumi nayamba kunong'ona pemphero. Dalaivala, amene ankam'dziwa Prerana kuyambira ali wakhanda, anachepetsa liwiro, namuyang'ana pagalasi lake, phazi lili pa buleki.

"Tamva kukoma kwake!" anatero Femke, akutulutsa foni kuti ajambule mawuwo. "Ndi chikondwerero chanji chimenechi?"

Prerana anakumbatira chikwama chake, maso ali kutsogolo, misozi ikugwera pa zingwe zake.

"Sindikudziwa," anatero. "Ine ndinanyamuka kale."

Dalaivala anadikirabe pang'ono. Kenako anachotsa phazi pa buleki.