Madola a Pemphero

Pemphero, mmodzi mwa ana a Everlyn, anabadwa ndi mtima wobooka. Akangoyenda kuchoka pakhonde kufika pamjigo, milomo inkada bii, n'kukhala pansi kumapuma ngati wathamangitsidwa ndi galu. Madokotala a m'tauni sanabise: opaleshoni yake kuno kulibe, koma ku India. A mpingo wina wakunja anavomera kulipira chipatala ndi matikiti a ndege. Za malo ogona, chakudya ndi mankhwala anati mudzionere nokha, ndipo mubwere nazo m'madola.

Everlyn ankagulitsa tomato pamsika wa Mitundu. Anagulitsa ng'ombe zimene mwamuna wake anasiya pomwalira, anagulitsa dimba, azimayi a mvano nawo anasonkha kangachepe. Pasipoti inatuluka. Viza inatuluka, ya miyezi yochepa chabe. Chinatsala ndi madola, ndipo inu mukudziwa mmene madola akusowera m'dziko muno. Kubanki ankangomuuza kuti mubwere mawa, mubwere mawa, mpaka mlonda wa pageti anayamba kumupatsa moni womutchula dzina.

Tsiku limene anamuimbira foni kuti madola apezeka, Everlyn anachita zimene mkazi woleredwa bwino amachita. Anatumiza uthenga ku Nathenje kwa mlongo wake wamkulu, a Efulemu. Kwathu kuno mwana ndi wa malume ake. Matenda, ukwati, maliro, amatsogola ndi mwinimbumba, ndipo mwinimbumba wa Pemphero anali a Efulemu. Anafika atavala jekete, cholembera chili m'thumba la pamtima.

Kubanki, mtsikana wa pakauntala anapempha pasipoti, viza ndi tikiti. Anadinda pasipotiyo kumasamba akumapeto, n'kupereka kaenvulopu kopyapyala. Everlyn anadabwa kuti ng'ombe zija ndi dimba lonse zakwana m'kanthu kotere. Atangotuluka panja, a Efulemu anatambasula dzanja, iye n'kupereka ndi manja awiri.

"Izi si zomanga pansonga ya chitenje, amake Pemphero," anatero a Efulemu. "Mitundu yadzaza ndi mbava. Ndikusungirani ine, mudzalandira pabwalo la ndege."

Mayi wosaukayo anathokozanso, abale!

A Efulemu sankadziona ngati wakuba ayi. Ankadziona ngati wochenjera, ndipo anthu otere ndi amene amandinyansa kwambiri. Anali atamva kuti madola ogula kubanki, ukapita nawo kwa mavenda a m'tauni, mtengo wake umapitirira kawiri. Ndiye mutu unawauza kuti gulitsa onsewa, ubwerere kubanki ndi pasipoti yomweyo, ugule ena motchipa, zotsalazo ndi zako. Anagulitsadi onse. Phindulo sanalidikire n'komwe. Anagula feteleza wa fodya wawo, anagula njinga yamoto ya kabaza, analawako ndi zina zimene sizinali phindu.

Ulendo utayandikira anatulukira ku Mitundu akumwetulira, mano onse pamtunda.

"Tengani pasipoti tibwerere kubanki. Ndalama zanu zabereka."

"Zabereka bwanji, achimwene? Envulopu ija ili kuti?"

"Inu tiyeni, za bizinesi simungazimve."

Everlyn anakatenga pasipoti ija. Anakwera minibasi ataifumbata pamimba. Kubanki anapeza mtsikana yemwe uja. Mtsikanayo anatsegula pasipoti, n'kuloza chidindo.

"Amayi, a ulendo uno munatenga kale. Sitipereka kawiri pa tikiti imodzi. Komanso taonani mzerewo, ena sanalandireko ngakhale kamodzi."

A Efulemu anayamba kulalata, kutchula mabwana amene sanawaonepo ndi maso, mpaka mlonda anawagwira mkono n'kuwatulutsa. Anathamangira kwa mavenda aja kuti awabwezere madolawo. Mavenda anaseka chikhakhali. Wogula ndi wogulitsa mtengo si umodzi, ndipo unali utakweranso. Makwacha amene anatsala m'jekete sakanagula ngakhale theka.

Pomwepo pamsewu, anthu akudutsa, Everlyn analira.

"Gulitsani njingayo, achimwene. Bwezani fetelezayo. Ndagwira mwendo wanu, mwana uja afa."

Ulemu wa a Efulemu unathera pomwepo.

"Iwe, feteleza ali kale m'nthaka, ndimufukule? Njinga ndi imene ikudyetsa ana anga. Ana anga onse agone ndi njala chifukwa cha wako mmodzi? Nanga bwanji sunandiuze za chidindocho? Pasipoti inali m'manja mwa ndani?"

Tsiku la ndege linafika n'kudutsa. Viza inatha. A mpingo aja anadikira, kenako anadziwitsa Everlyn mwaulemu kuti malo a Pemphero apatsa mwana wina. Everlyn anazungulira kwa abale onse, ku Mitundu ndi ku Nathenje komwe, kufuna woti amuperekeze kupolisi. Onse anayankha ngati apangana: nkhani ya pachibale sipita kupolisi, ukamangitsa mlongo wako, ana ako otsalawa adzawayankhulira ndani? Mmodzi anamulangizanso kuti akapepese chifukwa cholira pamsewu.

Pemphero anamwalira mvula ikupita kumapeto, fodya wa malume ake atayamba kulowa m'zigafa. Anafera kumsana kwa mayi ake, panjira ya kuchipatala.

Pamaliro mayi wa mwana amakhala m'nyumba, pambali pa bokosi, ndipo pabwalo salankhula. Wofotokozera anthu mmene matenda anayendera ndi mwinimbumba. Bokosi analigula a Efulemu, loyera, la zogwirira zonyezimira, anthu mpaka kumatsinana. Nthawi yawo itakwana anaimirira, anatsokomola, n'kulandira chimkuzamawu.

"Ife monga eni mbumba tinayesetsa," anatero, mawu akunjenjemera bwinobwino. "Ndinasiya munda wanga nthawi ya ntchito, kumakwera minibasi kulondola nkhaniyi kubanki. Koma za mapepala mukuzidziwa, zimafuna munthu wa mutu. Mlongo wangayu sukulu sanapite nayo patali, ndiye anasokoneza zina ndi zina. Chonde musamuloze chala. Ife tamukhululukira."

Everlyn anamva liwu lililonse. Anadzuka kuti atuluke akanene zonse pamaso pa mudzi. Azimayi anamugwira mapewa n'kumukanikizira pamphasa. Anakuwa dzina la mlongo wake, wina anamutseka pakamwa ndi chitenje.

"Limbani mtima, mayi. Musawachititse manyazi achimwene anu, aonongapo zambiri pamaliro ano."

Mtsogoleri wa mvano anayambitsa nyimbo mokweza, onse anaipolokezera, mawu a Everlyn n'kumira. Panja amuna ankagwedeza mitu. Bambo wina amene anakhala pafupi ndi zenera anauza mnzake kuti malume ngati amenewa masiku ano ndi osowa.