Bambo Yoramu Sanapite ku Dedza

Bambo Yoramu Mbewe anamwalira Lachiwiri m'mawa ali pampando wawo panja, ndipo woyamba kulira ndinali ine, poti nyumba zathu ku Highfield zimasiyana mpanda wokha. Anabwera kuno kudziko la Ashona ali mnyamata, napenta magalimoto ku Willowvale mpaka utoto unawadya mapapo. Zaka zonsezo nyimbo yawo inali imodzi: "Ine mudzakandiike kwathu ku Dedza. Kuno ndine mlendo." Chitupa chawo nachonso chinkawatcha mlendo, chonsecho masitolo ena a ku Machipisa anamangidwa iwo akuona.

Mwana wawo Iris, amene amagulitsa kaunjika pamsika, anagwada pambali pa mtembo n'kulonjeza kuti awaperekeza kwawo. Ine ndinamuchenjeza kuti pamaliro sipolonjezerapo zinthu, koma mwana uja ndi wamakani ngati bambo ake.

Tinayenda naye m'maofesi. Akuno anati munthuyu si wawo, tipite kwa anthu akwawo ku ofesi ya kazembe wa Malawi. Akwawowo anatilandira bwino, koma anati titchule mudzi, ndipo wina wa kumudziko avomere kuti malirowo awalandira. Ndinapsa mtima, ndisaname. Pamene mafakitale ankafuna manja ake, munthuyu anadutsa malire wapansi popanda womufunsa. Lero wagona chete ndiye mafunso mbwee.

Dalaivala wina wa mabasi odzera ku Tete anatipatsa nambala ya mkulu wa mpingo ku Dedza. Iris anakweza mawu a foni kuti tonse pasiwa timve.

"Bambo, ndife a kwa Mbewe," anatero m'Chichewa chake chosakanikira Chishona. "Mutupo wathu, kaya mumati mfunda, ndi umenewo. Sekuru wanga, amene anabereka bambo, anali a Jekapu Mbewe, mwana wa a Simiyoni."

"Pepani ndi zovutazi, mayi," anayankha mkuluyo. "Koma a Mbewe ali mudzi uliwonse. A Jekapuwo anali mkamwini, anangopita kukakwatira. Malemuwa amayi awo anali ndani? Nanga amalume awo? Kuno munthu amagona kumanda a kuchikazi."

Iris mayina amenewo sankawadziwa. Mwanayu anakulira pakati pa Ashona, kumene mwana ndi wa bambo, ndipo ukafika pamalo amayamba akufunsa mtundu wa bambo ako. Pofuna kutseka pakamwa anzake a kusukulu, amene ankamuseka kuti alibe kwawo, analoweza mzere wonse wa kuchimuna. Dzina la agogo ake aakazi sanafunsepo. Bambo Yoramu nawonso akamawakumbukira ankangoti "amayi," basi.

Tinazungulira Highfield yense mpaka ku Warren Park, kufunafuna matchona anzawo amene anabwera nawo limodzi. Ambiri tinawaika kale. Mmodzi tinamupeza, koma mutu unasokonekera, ankangotifunsa ngati sitima yafika. Mkulu wa ku Dedza uja analengeza m'mipingo, koma palibe anatulukira. Mtembo sukanadikira mpaka kalekale, choncho tinapita nawo kumanda a mumzinda, kuja kumene makina amakumbiratu maenje m'mizere.

Tsikulo Iris sanadye chiyambire m'mawa. Bokosi lili pamphepete pa dzenje, Mayi Paulina, amene anathawa nkhondo ku Tete ali mtsikana ndipo sanabwerereko, anamugwira dzanja.

"Mwanawe, usadzizunze," anatero. "Ife tikamaika munthu kuchilendo, mutu timaulozetsa kwawo. Thupi likatsala, mzimu umaona njira."

Nkhope ya Iris inawala pang'ono. Anaimitsa amuna amene anagwira zingwe, natembenukira kwa ife tonse, ana ndi adzukulu a anthu a ku Dedza, ku Ntcheu ndi ku Mangochi, ovala yunifolomu ya mpingo.

"Abale, ku Malawi ndi mbali iti?"

Bambo wina analoza kumene dzuwa limatulukira. Mayi wina anati ayi, naloza kumsewu umene mabasi amadzera. Wachitatu analoza kutauni. Ine ndinakweza dzanja, n'kulibweza ndekha, chifukwa ndinazindikira kuti ndikuloza kunyumba kwanga ku Highfield.

Iris anatiyang'ana mmodzimmodzi, misozi ili chuchuchu. Kenaka anauza amuna aja motsitsa mawu, m'Chishona, kuti atsitse bokosi mmene mzere ukuyendera.