Pawa Sapulayi ya ku Namitete

Kompyuta ya Davide idazima masana, magetsi atangobwera mwamphamvu. Idangoti phu, kafungo ka waya wopsa n'kudzaza m'kashopu kawo ka pa Nsaru, momwe ankaikira anthu nyimbo m'mafoni ndi kusindikiza zithunzi.

Mkazi wake Sara, mayi a Tabita, nkhawa idamugwira. Davide sadali wakuno. Adabwera ali mwana kuchokera ku Phalombe ndi makolo ake, omwe adali matenanti pa esiteti ya fodya. Chaka chatha makolowo adabwerera kwawo, ndipo chichokereni, amayi ake ankaimba foni pafupipafupi kumukumbutsa kuti munda ukumudikira. Sara ankaganiza kuti chomwe chinkamugwira mwamunayo pa Nsaru chidali kashopuko. Nanga makina afawa, atsaliranji? Kumufunsa ankaopa, poti mwina yankho lake likadamuwawa.

M'mawa mwake adaikulunga kompyutayo m'chitenje, n'kupita nayo onse awiri ku Namitete kwa Cornelius, wokonza makompyuta. Iye adamasula chivindikiro, adanunkhiza m'katimo, n'kugwedeza mutu.

"Mwayi wanu, achimwene. Chapsa ndi pawa sapulayi yokha, kabokosi kogawa magetsi ku zipangizo zonse. Zinazi zili bwino."

Adatulutsa ziwiri pansi pa tebulo. Ina idali yopepuka, yofanana ndi yopsayo. Inayo idali yakuda, yolemera, ya mawaya ambiri.

"Yaing'onoyi iyendetsa kompyutayi monga ilili," adatero Cornelius. "Koma mukadzawonjezera chinthu chofuna magetsi ambiri, idzatopa, mwinanso kupsetsa zinzake. Yaikuluyi mphamvu imatsalako, ndipo magetsi akabwera mwaukali imadzithimitsa yokha. Ndiye funso n'lakuti, kodi kutsogoloku mukufuna kudzaikamo chiyani?"

Sara adayang'ana panja, pomwe kondakitala ankaitanira anthu opita ku Mchinji. M'maganizo mwake, Davide akasankha yaing'onoyo, ndiye kuti akungofuna makinawo ayake kuti awagulitse.

Davide adanyamula yakudayo, naipima m'manja. Adawerenga pakapepala ka m'mbali, kenako adayamba kupatula mawaya ndi zala.

"Waya uyu ndi wa khadi ya kanema, eti?"

"Eya. Ndipo alipo awiri."

"Nanga hadi disiki ina yosungira mafayilo ilowa?"

"Ngakhale zingapo."

"Basi, ndi yomweyi," adatero Davide. "Tikakolola mtedza ndigula khadiyo. Anthu atopa n'kupita m'tauni kukakonzetsa kanema wa ukwati. Akwaya a ku Kabudula andifunsa kale, a ku Nambuma nawonso. Ndipo amalume awo a mayiwa andilonjeza malo kuseri kwa chigayo. Ndikamanga pamenepo, makinawa adzafunika mphamvu."

Sara adatembenuka. "Malo? Mwakambirana liti ndi amalume?"

"Mwezi wathawu. Ndimafuna ndikuuzeni njerwa zitaumbidwa."

"Nanga amayi ku Phalombe?"

"Ndidawayankha kalekale. Mundawo alima achemwali anga. Ife tizikangowaona." Adamuyang'ana modabwa. "Kodi inu mumaganiza chiyani, mayi a Tabita?"

"Palibe," adatero Sara, akukonza mpango wake kumutu. Manyazi ndi chimwemwe zidamugwira pamodzi.

Cornelius adamangirira kabokosiko, adalumikiza mawaya ofunika, otsalawo n'kuwapinda bwinobwino pakona. Atadina batani, fani yoziziritsa makinawo idazungulira mwakachetechete, moti Sara adachita kuwerama kuti aimve.

"Muzipukuta fumbi, mlamu," adamuuza Cornelius. "Fumbi la pa Nsaru ndimalidziwa."

Atatuluka, Davide adasenza kompyutayo paphewa. Sara adaima pamsika, adagula nzimbe yaitali, n'kupempha wogulitsayo kuti aidule mfundo zazifupizifupi, zoti adye m'njira.