Mtanda wa Choko pa Tayala la Alamu

Pagalaja paja panali lamulo losavuta: ukamanga manati a tayala, ulembe mtanda ndi choko kuti aliyense aone kuti apa patha. Koma makaniko wamkulu, munthu wa zaka makumi awiri pantchito, tsiku lina anachita zinthu mozondoka. Anayamba n'kulemba mtanda patayala la lole ina, poti choko chinali kale m'manja, nati amanga akapeza sipanala yaikulu. Foni inalira, anatuluka kukayankha, basi zinamuchoka m'mutu. Lole inanyamuka. Woyendetsa anali mlamu wake, mwamuna wa mlongo wake, ndipo tayala linakaguluka pamtsetse, mlamuyo n'kufera pomwepo.

Palibe anamuloza chala. Mtanda anthu anauona, ndiye anati mwina manati anali otha. Pamaliro abusa analalikira kuti masiku athu analembedwa tisanabadwe, ndipo makaniko anawakangamira mawuwo zolimba. Ngati zinalembedwa, iye ndani? Koma pantchito sipanala inkamulemera.

Lamlungu lina anawatsata abusa m'kachipinda kovalira kutchalitchi.

"Abusa, ngati Mulungu anadziwa kale, wolakwa alipo?"

"Kudziwa amadziwa, bambo," anayankha akukoleka mkanjo, "koma dzanja la munthu saligwira."

Makaniko anatuluka ali ndi mkwiyo. Zoona, munthu kubwera kudzafuna mankhwala, n'kumuthira tsabola pabala!

Patatha milungu itatu mlongo wake anafika pagalaja masana kudzatenga jekete ndi kapu ya malemu. Anali atawonda, koma nkhope ili phee. Anakhala pabenchi yamafuta osayipukuta.

"Achimwene, ndalimbana naye Mulungu mpaka ndatopa. Tsopano ndavomera, inali nthawi yawo. Ndipo zikomo, galimoto yawo munkaisamala ngati yanu."

Apa mpomwe makaniko mtima unamuthyoka. Akanatha kungogwedeza mutu, nkhani n'kuthera pomwepo. Anaona bwinobwino kuti palibe akumukankha, kunena kapena kukhala chete zinali zake yekha. Anachita mantha kwambiri.

"Achemwali, manati aja sindinamange. Ndinalemba mtanda ndisanamange. Ndine."

Mayiyo sanalire. Anapinda jekete pang'onopang'ono, naika kapu pamwamba pake. Kuseri wina ankamenya chitsulo ndi hamala.

"Mwandiuziranji?"

"Ndimalephera kukuyang'anani."

"Ndiye mwatula, kuti ndisenze ine." Anaimirira. "Mulungu ndinali nditamukhululukira kale, achimwene. Zanditengera milungu itatu. Tsopano ndiyambirenso ndi inu?"